Mabingu ndi Kapitawo pa Goli Limodzi

Zaka zija nyanja yathu ya Chilwa itangobwerera kuchokera kouma, ine ndili namwali wa miyendo yowonda ngati ya kakowa, masewera amene mwakhala mukukanganira pakhonde langa chiyambire masanawa tinali nawo kale, kungoti ife tinalibe foni. Inde, ndakhala ndikukumvani. Mumayesa munthu akamasankha mpunga m'lichero makutu ake amapita ku tchuthi? Mwabwera kudzatchaja mafoni pa sola yanga, ndipo batire la Tadala ndaliona, likadali pa kamzere kofiira, ndiye palibe amene achoke pano msanga. Khalani pansi. Yamikani, chotsa phazi pa mphasa ya mpungayo.

Tandionetsa mndandanda wanuwo, Tadala, dikira ndivale magalasi. Ndiye mukuti dziko lonseli lili ngati gemu ya pa foni, nyama iliyonse yapatsidwa mapointi ake a mphamvu, a liwiro ndi a kulimba kwa chikopa, ndipo inu mwaziika m'magulu. Pamwamba penipeni pali njovu, mkango ndi mvuu. Yamikani akuti mvuu ikhale yoyamba chifukwa ingadule bwato pakati, Tadala akuti njovu chifukwa ingaiponde mvuuyo, ndipo nonse awiri simunaonepo njovu kupatula ya m'buku. Ng'ona yachiwiri, nkhwazi pakati, ng'ombe pakati. Nanga pansi pano mwalemba chiyani? Mlamba! Gulu la zongodzaza malo! Ana inu, mulibe chisoni. Nyanja itauma mpaka anthu kumayenda pansi kupita ku chilumba cha Chisi, nkhwazi yanu ya mapointi ambiriyo inalongedza n'kusamuka, nsomba za makumba zinatha, koma mlamba unakabisala m'matope a m'mathamanda a mitsinje, wakuda, woterera, wopanda ulemu, ndipo madzi atabwerera ndiwo unayamba kutidyetsa. Mwini gemu akasintha bwalo, mndandanda umagudubuka.

Koma sindikunyoza masewera anuwa, ayi. Ndinaphunzitsa ana zaka zambiri, ndipo ndikudziwa kuti mwana wofunsa kuti pakati pa ng'ona ndi mvuu wamphamvu ndani wayamba kale kuyang'anitsitsa zinthu, pomwe mnzake wosafunsa kanthu akungodutsa m'dziko ngati mlendo. Kusiyana kwake n'kwakuti inu nyama zanu zimamenyana m'kagalasi, ina ikafa mumadina batani n'kudzukanso, pomwe zathu zinali ndi nyanga zenizeni, ndipo mndandanda wathu sunkalembedwa paliponse koma mudzi wonse unkaudziwa pamtima kuposa katekisimu.

Tili ana tinkaumba ng'ombe zadothi n'kumaziwombanitsa mpaka ina ithyoke nyanga. Koma masewera enieni anali kudambo, kumene ng'ombe za midzi itatu zinkadyera pamodzi. Nkhunzi ziwiri zikakumana n'kuyamba kupalasa pansi, nkhani inkathamanga kuposa mauthenga anu a pa foniwa, ndipo amuna akuluakulu, ena a iwo akulu a mpingo, ankasiya makasu m'munda n'kuthamangira komweko. Malamulo anali awiri basi. Nkhunzi yotembenuka n'kuonetsa mchira yagonja, ndipo itsike pa mndandanda. Lachiwiri, mwini ng'ombe akagwira chingwe n'kuikoka ndewu isanathe, ndiye kuti waigonjera yekha, ndipo palibe kudandaula kapena kunena kuti tibwereze mawa. Wokoka chingwe ndiye wagonja.

Tsono nthawi imeneyo pamwamba pa mndandanda panali vuto ngati lanu la njovu ndi mvuuli. Panali nkhunzi ziwiri zomwe zinagonjetsa zinzake zonse. Ina inali Mabingu, yakuda bii, ya linunda lopendekera kumanzere, ya bambo anga. Ina inali Kapitawo, yofiira, ya nyanga zotambasuka, ya amalume anga a Lufeyo, mchimwene wawo wa amayi. Ziwirizi zinakumanapo kamodzi kokha, zinakankhana kuyambira dzuwa lili paliwombo mpaka mvula yamatalala inabalalitsa anthu ndi ng'ombe zomwe, ndiye palibe anadziwa wopambana. Kuchokera tsiku limenelo oweta ankazidyetsa kutalikirana, chifukwa aliyense mwa eni akewo ankalankhula molimba mtima pagulu koma kumbali ankaopa.

Muyenera kumvetsa chifukwa chake nkhani ya ng'ombe inali yolemera chonchi. Bambo anga anali mkamwini m'mudzi wa amayi. Makolo awo anachokera kutsidya kwa nyanja, ku Mozambiki, atasenza mitolo pamutu, ndipo ngakhale bambo anabadwira konkuno, munda umene ankalima unali wa kuchikazi, nyumba anaimanga pa malo a kuchikazi, ndipo ngakhale ife ana awo, pa nkhani zikuluzikulu, mawu omaliza anali a amalume monga mwinimbumba. Chinthu chimodzi chokha chimene chinali chawochawo, chogula ndi thukuta lawo la usodzi wa matemba, chinali Mabingu. Amalume nawo sanali munthu woipa, musawaone ngati chilombo cha m'gemu. Anali munthu wopatsa, woseka kwambiri, koma wosafuna kuti dzina lawo libwere pambuyo pa la munthu wina, ngakhale pa mzere wolandira mankhwala kuchipatala.

Akakumana panjira moni wawo unali womwewo.

"Alamu, mwadzuka bwanji? Nanga mbuzi yanu yakuda ija yadzuka?"

"Yadzuka, alamu. Imafunsa za thole lanu lofiira lija, ngati linasiya kuyamwa."

Ankaseka onse awiri, koma kuseka kwa mano okha.

Tsono kalata yanga, yolembedwa dzina langa loti Esinati pamwamba, inafika Loweruka. Ine ndinalemba mayeso olowera ku koleji ya uphunzitsi, ndipo pa chisankho choyamba dzina langa silinatuluke, moti ndinali nditayamba kale kuzolowera maganizo oti moyo wanga udzakhala wa mpunga ndi matemba. Koma mtsikana wina amene anasankhidwa sanapite, malo ake anapatsidwa kwa ine, ndipo kalata yonena zimenezi inagona masabata awiri m'thumba la makalata kusukulu, mvula itadula njira. Itafika m'manja mwanga, mawu ake anali achidule: ndikaonekere ku ofesi ku Zomba Lolemba asanaweruke, apo ayi malowo apita kwa wotsatira. Lolemba lake linali mkuja.

Inu lero mukafuna kupita ku Zomba mumangoimbira wa kabaza, akutulani pa Kachulu, minibasi ili tayale kudikira, ina ikakusiyani ina ikubwera. Masiku amenewo kunali lole imodzi ya matemba imene inkanyamuka padoko m'mawa, dzuwa likangokwera kufika pa msinkhu wa mtengo wa mgwalangwa, ndipo dalaivala wake ankaliza hutala katatu: koyamba kuchenjeza, kachiwiri kukalipa, kachitatu kutsanzika. Pakati pa mudzi wathu ndi doko panali dambo la makande, dothi lakuda lija limene nthawi ya dzinja limagwira phazi ngati lili nawe mangawa a chibale, ndipo ine ndinali ndi thiranki yachitsulo, thumba la mpunga la kamba, ndi mabulangete awiri. Panafunika ngolo.

Ngolo tinali nayo, ndipo inkakokedwa ndi ng'ombe ziwiri zofula, zokalamba, Sabata ndi Ndatopa. Pa mndandanda wakudambo ziwirizi zinali kumene mwaika mlamba. Ndatopa makamaka anali asanamenyanepo ndi chinthu chilichonse chamoyo. Ngakhale mwana wa ng'ombe akamuopseza, iye ankangopatuka n'kukadya kwina. Vuto linali lakuti sabata yapitayo awiriwa anatitimira ndi matumba a mpunga pa makande omwewo, anthu anachita kutsitsa katundu yense, ndipo Sabata anabwerako akutsimphina.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi, bambo ndi amalume anakhala pansi pa mtengo wa mango kukambirana, ine ndi amayi tikupeta mpunga chapafupi.

"Mwana wa mbumba yanga, mtsikana woyamba m'mudzi muno kupita ku koleji, sangakokedwe ndi nkhalamba zotsimphina," anatero amalume. "Ndibweretsa Kapitawo."

"Mwana wanga akokedwa ndi ng'ombe ya bambo wake," anatero bambo. "Mabingu alipo."

Anayang'anana kanthawi, ndipo kenaka, mwina koyamba chikwatirire amayi, nkhope zawo zinawala nthawi imodzi.

"Zonse ziwiri!"

"Zonse ziwiri, alamu! Makandewo aone zakuda!"

Amayi anaika lichero pansi. "Achimwene, inu ndi bambo a Esinati, mwadya chiyani kutchalitchiko? Atambala awiri salira m'khola limodzi, ndiye inu mukufuna kuwamanga khosi ndi khosi?"

"Mlongo, izi ndi za ng'ombe," anatero amalume. "Iwe dziwa za mpunga."

"Ndikudziwa za amuna," anatero amayi. "N'chimodzimodzi."

Apa ndiyenera kuwaweruza mwachilungamo, chifukwa nkhaniyi anthu akamaifotokoza amawasandutsa amuna awiriwa zitsiru, pomwe sanali zitsiru. Maganizo awo anali ndi mutu. Makande amafuna mphamvu, ndipo nkhalamba zija zinali zitalephera kale poyera. Nkhunzi zonse ziwiri zinali zitalawapo goli, iliyonse inalimapo m'munda itamangidwa pambali pa ng'ombe yofula, ndiye sizinali mbuli pa ntchito. Mukaphatikiza mapointi monga mumachitira inu, Yamikani, yoyamba ndi yachiwiri pamodzi ndiye timu yoposa matimu onse, palibe angatsutse. Chimene sanachiwerengere n'chakuti mapointi amenewo ng'ombezo zinawapeza pokankha mnzake, osati pokoka naye limodzi. Amayi nawo, ngakhale ananena zoona, analibe yankho lina, pakuti Ndatopa yekha sakanaitulutsa ngolo m'matope. Ndipo ine mwini, ndivomere pamaso panu, ndinali mbali ya amunawo. Ndinkadziona ndili pamwamba pa thiranki, Mabingu uku Kapitawo uku, atsikana anzanga akundiyang'ana kukamwa kuli yasa. Mtsikana wa zaka zimenezo ukamufunsa kuti asankhe pakati pa kufika bwino ndi kuoneka bwino, musayembekezere nzeru.

Lolemba kutangocha, kuzimanga pa goli kokha kunatenga amuna asanu ndi mmodzi. Kenaka panabuka mlandu wa mbali, chifukwa amalume anati ng'ombe yaikulu imakhala kumanja, bambo anati ndi zoona, n'chifukwa chake kumanja kukhale Mabingu, ndipo anakangana mpaka amayi anafuula kuti dzuwa silikudikira mlandu wawo. Anachita mayere ndi timitengo, kumanja kunagwera Kapitawo, bambo anati mayere si ndewu.

Koma ana inu, mtunda woyamba uja! Sindinakwerepo galimoto imene inandikoma ngati ngolo ija. Nkhunzi ziwiri zija, iliyonse posafuna kuti mnzake aitsogolere ngakhale ndi mphuno, zinkathamanga ngati zikuthawa moto, mateyala akulira, ine nditavala diresi yanga yoyera ya madontho abuluu, nditakhala pa thiranki ngati mkwatibwi. Mudzi wonse unatiperekeza, amayi akululuta, amuna akuthamanga m'mbali, bambo kumanzere, amalume kumanja, aliyense akutamanda yake.

"Mukuona, alamu? Akukoka ndi Kapitawo, yanuyo ikungoperekeza!"

"Ikuperekeza? Taonani goli lapendekera kuti!"

Amalume anatembenukira kwa amayi. "Mlongo, atambala ako aja ali kuti?"

Amayi anali kupuma mothamanga, nsapato zanga zatsopano atazinyamula m'manja.

Tinalowa m'makande, ndipo ngakhale pamenepo zinayamba bwino, moti malo amene Sabata ndi Ndatopa anatitimira tinawadutsa ngati pamsewu. Hutala yoyamba inamveka kutali, bambo anaseka nati tifika dalaivala asanamalize tiyi. Koma pakati penipeni pa dambo, pamene madzi amafika m'mawondo, panali ng'ombe zazikazi za mudzi wina zikudya m'mbali mwa njira, ndipo imodzi inadzutsa mutu n'kulira. Sindikudziwa chimene inanena. Ndikudziwa kuti Kapitawo anaima n'kuyankha, Mabingu anayankha mokweza kuposa pamenepo, ndipo kenaka aliyense anapotoza khosi n'kuona, ngati koyamba, amene wakhala akuyenda naye m'mawa wonse.

Zinachitika mofulumira. Kapitawo anaponya nyanga cham'mbali, Mabingu anabweza, zingwe za pakhosi zinaduka ngati ulusi, goli linagwa, ngolo inapendekeka, ndipo ine, thiranki, mpunga ndi mabulangete tinatsetsereka mwaulemu, chimodzi pambuyo pa chinzake, kulowa m'makande. Nditadzuka, diresi ija inalibenso madontho abuluu. Ukuseka, Tadala? Seka, ngakhale ine lero ndimaseka.

Tsono mukuganiza kuti anthu onse aja anathamangira kudzanditola? Anathamanga ndithu, koma anandidutsa. Nkhunzi zija zinali zitapeza kamtunda kouma pafupi ndi chulu, mitu itagundana, nyanga zitakolana, ndipo ndewu imene midzi itatu inaidikira zaka ziwiri inali itayamba popanda woitanira. Amuna anapanga bwalo. Wina anakwera pachulu. Mkulu wa mpingo amene dzulo lake analalikira za kufatsa anali kulumpha akufuula, "Mulowe pansi, Mabingu! Mulowe pansi!"

Amayi okha ndi amene anandigwira dzanja. Anapukuta nkhope yanga ndi chitenje, kenaka anapita kubwalo kuja.

"Bambo a Esinati! Achimwene! Mwana ali m'matope!"

"Tikubwera, mlongo, pang'ono pokha. Izi sizitenga nthawi."

"Ulendo watha uja zinatenga tsiku lonse!"

"Uja kunali matalala."

Hutala yachiwiri inalira.

Pamenepo ndi pamene ndinayamba kulira, ndipo sikunali kulira kwa diresi. Ndinaona bwinobwino mtsikana wina, kwina kwake, amene sindidzamudziwa dzina, akulandira kalata yonena kuti malo apezeka chifukwa wa ku Chilwa sanabwere. Kusenza thiranki pamutu kudutsa makande otsalawo kukanatitengera nthawi yoposa imene tinali nayo, ndipo kupita wopanda katundu, wamatope, wopanda ngakhale bulangete, kumalo kumene ndinkakakhala miyezi, mtima wanga unakana.

Ndikupukuta misozi ndinamva mpweya wofunda pakhosi panga. Nditacheuka, Ndatopa. Palibe anamuitana, palibe anamumasula ndi cholinga. Nkhalamba ija inangomva mateyala a ngolo yake akutuluka pamudzi, ndipo monga inachitira kwa zaka khumi, inanyamuka n'kumatsatira pambuyo mwa kuyenda kwake kwa maliro. Itafika, sinayang'ane n'komwe ndewu. Inadutsa n'kukaima kumanzere kwa mtengo wokokera ngolo, pamalo pake, n'kumabzikula, kudikira kuti wina aimange.

Amayi anaiyang'ana, anayang'ana ngolo, kenaka analowa pakati pa bwalo la amuna lija, chinthu chimene mkazi sankachita.

"Ndatopa wafika," anatero. "Ali yekha. Ndikufuna ng'ombe imodzi yamphamvu pambali pake, imodzi yokha, iliyonse. Ndani akoke chingwe?"

M'bwalo monse munkangomveka kupuma kwa nkhunzi ndi kugundana kwa nyanga. Aliyense pamenepo ankalidziwa lamulo. Zingwe za kunyanga zinali zikadali pa ng'ombe zonse ziwiri, zikukwekwereka m'matope, ndipo mwamuna woyamba kuwerama n'kugwira chingwe cha ng'ombe yake ndiye kuti waipereka ku malo achiwiri mpaka kalekale, pamaso pa mboni za midzi itatu.

"Alamu," anatero amalume osachotsa maso pa ndewu, "mwanayu ndi wanu."

"Dzulo munati ndi wa mbumba yanu."

"Ndi wa mbumba yanga, koma ngoloyo ndi yanu. Ng'ombe yanu ndi imene yaizolowera."

Ena anaseka, bambo sanaseke. Ndinawaona atayima, chipewa chili m'manja, akuyang'ana miyendo ya ng'ombe zija kwa nthawi imene kwa ine inali ngati chaka. Kenaka anatembenuka n'kundiyang'ana ine, wakuda kuyambira kumutu mpaka kuphazi ngati mlamba wanu uja. Anavala chipewa, anawerama, anatola chingwe cha Mabingu.

"Aaa, akulu, musatero!" anafuula munthu wa pachulu uja. "Dikirani pang'ono, taonani..."

"Gwirani apa, tikoke," anatero bambo.

Zinatengera amuna anayi kuti amuchotse Mabingu, amalume ndi ena akutchinga Kapitawo ndi ndodo, ndipo Mabingu ankabwerera chambuyo akufwenthera, osamvetsa chimene mbuye wake akumuchita. Anyamata a mbali ya amalume anali atayamba kale kuimba nyimbo yonyoza yogonja. Tinamasula chingwe cha thiranki n'kumangira goli, anthu anadzutsa ngolo n'kukweza katundu, ndipo Mabingu anaikidwa kumanja, pambali pa ng'ombe yotsiriza pa mndandanda wonse.

Poyamba anafuna kuyambanso ndewu. Anaponya nyanga kwa Ndatopa, koma Ndatopa anangopendeketsa mutu, nyanga inadutsa, iye n'kupitiriza kubzikula. Anaponyanso, chimodzimodzi. Kumenyana ndi munthu wosabwezera kumatopetsa msanga, ndipo bambo atati "Tiye!", Mabingu, ndi ukali wonse umene unasowa kopita, anaugwetsera pa goli. Ngolo inatuluka m'makande ndi phokoso ngati la chivindikiro cha botolo. Ndipo apa ndi pamene ndinaona ntchito ya nkhalamba ija, pakuti Mabingu ankafuna kudula molunjika pamene pali madzi akuya, koma Ndatopa, amene njirayo anaiyenda kosawerengeka, ankatsamira goli n'kumukhotetsera pa mzere wa dothi lolimba umene maso a munthu sakanauona. Wina anapereka mphamvu, wina anapereka njira. Mukanachotsapo mmodzi, ine bwenzi lero ndikukuuzani nkhani ina.

Hutala yachitatu inalira tikutuluka m'dambo, ndipo titafika padoko lole inali itayamba kale kuyenda. Amayi a matemba amene anakhala pamwamba pa madengu ndi amene anationa, anayamba kumenya denga la lole ndi zikhatho akukuwa, mpaka dalaivala anaima n'kutulutsa mutu.

"Ameneyu ndiye ndani? Mwamuvuula m'nyanja?"

"Ndi mphunzitsi," anatero bambo. "Mukweze bwino."

Akukweza thiranki, amalume anatulukira akuthamanga, atasiya ng'ombe yawo yopambana m'manja mwa ena, ali wefuwefu. Sananene za ndewu. Anavula jekete yawo ya kutchalitchi, imene anaivalira mwambo wa tsikulo, anandifunditsa pamwamba pa matope aja, n'kundiikira m'thumba mwake ndalama ya tiyi. "Ukasambe pa mpopi wa pamsika usanalowe mu ofesi ya anthu," anatero, "angaganize kuti kwathu kulibe madzi." Ndi kuipa kwa msewu wa dzinja uja, ndinafika mu ofesi muja kalaliki akutseka mawindo, nditavala jekete ya mwamuna yofika m'mawondo ndiponso ndikununkha matemba, ndipo dzina langa analipeza likadalipo.

Mabingu sanabwererenso pa malo oyamba. Lamulo linali lamulo, ndipo Kapitawo anakhala mfumu ya dambo mpaka ukalamba wake. Bambo anawapatsa dzina loti a Nambala Thu, ndipo linawamatirira moti ngakhale ana obadwa pambuyo pake, osadziwa chiyambi chake, ankawaitana choncho mwaulemu wonse, atagwada. Amalume pa ukwati uliwonse, thobwa likangowafika pamtima, ankaifotokoza ndewu ija, ndipo chaka chilichonse Kapitawo ankakula, Mabingu n'kumachepa. Bambo ankangomwetulira.

Patapita zaka zambiri, ine ndili kale mphunzitsi wamkulu, iwo maso atayamba kuchita khungu, tinakhala awiri tikukonza ukonde wakale, ndipo ndinawafunsa chimene ndinkafuna kufunsa kuyambira tsiku lija.

"Bambo, tsiku lija mukanapanda kukoka chingwe, akanapambana ndani?"

Zala zawo zinapitiriza kufufuza mfundo.

"Mwendo wakumbuyo wa Kapitawo unali utayamba kuterereka," anatero. "Wakumanzere. Ndinauona, ndipo wa pachulu uja anauonanso. Kunatsala kupuma kakhumi."

"Ndiye bwanji simunadikire kupuma kakhumiko?"

"Nanga ndikanawerenga molakwa?"

Kunena chilungamo, amalume nditawafunsa funso lomwelo anandiuza kuti khosi la Mabingu linali litayamba kale kupinda, ndipo anachita kulumbira. Ine sindinaone chilichonse mwa ziwirizi, m'maso mwanga munali matope.

Ndiye ana inu, pitirizani kukangana za njovu ndi mvuu, n'kokoma, ndipo munthu wosakangana za zinthu zopanda pake amakalamba msanga. Koma pamene mudzasankhe woyenda naye, kaya ndi pa ntchito, kaya ndi pa banja, kufunsa kuti ameneyu anagonjetsapo ndani musakuiwale, pakuti makande alipo ndipo amafuna mphamvu, koma mudzafunsenso ngati amatha kuyenda pambali pa mnzake osamuyang'ana cham'mbali. Ndipo mukadzamva munthu wachikulire akuitanidwa ndi dzina loseketsa, iye n'kumavomera mosakwiya, musafulumire kuseka nawo. Mudzayambe mwafunsa kuti dzinalo analigula ndi chiyani.